Kulandira Choko

Ahedi anabwerako ku msonkhano wa aphunzitsi akuluakulu dzuwa litapendeka, nsapato zili mbuu. Ana anali ataweruka kale. Sanalowe mu ofesi. Anaima pakhonde n'kumayang'ana chitseko chakumapeto, cha kalasi yachiwiri.

Wachiwiri wawo anatuluka m'chipinda cha aphunzitsi akutafuna kamtengo. Ameneyu analinso mlamu wawo, mlongo wa malemu akazi awo, ndipo pakakhala popanda anthu za uhedi ankaziika pambali.

"Mwabwerako, alamu? Nanga nkhopeyo bwanji, ngati mwaluma ndimu? Sanakupatseni chamasana?"

"Lamulo," anatero ahedi.

"Linanso? Chaka chatha anatilanda chikwapu. Kenako akuti ana asamakolope mu ofesi. Lero atiletsa chiyani, kutsokomola?"

Ahedi analinena monga analimvera, osathira mchere. Kalasi iliyonse pasukulu ya boma ikhale ndi mphunzitsi wake, wooneka ndi maso, kuyambira belu lolowera mpaka lowerukira. Ana akapezeka okha, mlandu ndi wa mphunzitsi wamkulu: ntchito ithe, akayankhenso kukhoti. Kalasi yosowa mphunzitsi itsekedwe ndi loko, ana ake atumizidwe kusukulu yoyandikana nayo. Sukulu yoyandikana nayoyo inali kutsidya kwa msewu waukulu, kumene malole amadutsa osayang'ana pansi.

Alamu analavula kamtengo kaja. Nawonso anayang'ana chitseko chakumapeto.

"Ndiye zathu zada," anatero.

Kalasi yachiwiri inali ya akazi awo a ahedi. Anayamba kuiphunzitsa ali mtsikana, n'kumera nayo imvi. Pasukulupo munthu akati Madamu ankanena iwowo, ngati kuti aphunzitsi ena aakazi anali odutsa. Tsiku lina, miyezi ingapo m'mbuyomo, anagwa ali pabolodi, chiganizo chisanathe. Anathamangira nawo kuchipatala, ndipo dzuwa lisanalowe anali atapita. Boma linalonjeza kutumiza mphunzitsi wina. Lonjezolo linali likadali m'njira.

Pasukulupo panali kachitidwe kena kamene sikanalembedwe m'buku lililonse. Mphunzitsi sankatuluka m'kalasi mpaka mnzake alowe, atambasule dzanja, atenge choko chimene chili m'manja mwa wotulukayo, n'kunena kuti, "Ndalandira." Achinyamata ankangochita mwamasewera, kuponyerana chokocho pakhomo. Madamu ayi. Ankatha kuima pabolodi belu litalira kalekale, njala ikuwasosola, kudikira dzanja. Ahedi anadyapo chakudya chozizira kambirimbiri chifukwa cha liuma limeneli.

Tsiku limene anagwa, anthu anathamangira kumutu ndi kumiyendo. Za dzanja palibe anaganiza. Kuchipatala anamwino anapereka kwa ahedi nsapato, wotchi ndi magalasi. Choko panalibe.

Maliro atatha, aphunzitsi anapangana zomasinthana kulowa m'kalasimo. Woyamba anatulukamo msanga, nati bolodi lanyowa, choko sichikugwira. Wina anati chake chinangolira kwii, n'kuthyoka, osasiya ndi kamzere komwe. Wachitatu, mayi wosaopa ngakhale njoka, anati, "Ine ndimamva ngati ndalowerera mnzanga ali pakati pa phunziro." Sanabwererenso. Pang'ono ndi pang'ono onse analeka. Panalibenso chowakakamiza, poti kalasi ija inali yodekha kuposa makalasi onse okhala ndi aphunzitsi.

Ahedi ankadziwa chinthu china chimene sanauze munthu. Zenera la ofesi linali pakhonde lomwelo. M'mawa uliwonse belu likalira ankamva madesiki akukhulika, ana akuimirira.

"Mwadzuka bwanji, Madamu!"

Kenako zii. Ziiyo inkatalika ndendende ngati mawu akuti, "Ndadzuka bwino, ana anga. Khalani pansi." Ndiyeno onse ankakhala nthawi imodzi, popanda wotsogola kapena wotsalira. Liwu ahedi sankalimva. Ankangomva mpata umene liwulo linkasiya. Mpata umenewo ndi umene unkawadzutsa m'mawa, kuwametetsa ndevu ndi kuwamangitsa tayi. M'kalasimo anali asanapondemo chichitikire maliro. Kunyumba nako, kapu ya Madamu inali ikadali patebulo, kutsogolo kwa mpando woyang'ana kuzenera. Ankaipukuta fumbi n'kuibwezera pomwepo.

"Njira ilipo," anatero alamu pakhonde paja. "Lamulolo silikuletsa ahedi kugwira kalasi, si choncho? Lowanimo nokha. Za mu ofesi ndizikuthandizani ine."

"M'kalasimo muli munthu."

"Muli ana, alamu. Ana ndi zinkhwe. Anazolowera, basi akungobwereza. Mawa mutawauza kuti apereke moni kwa tsache, apereka."

Ahedi anavala chipewa n'kumapita kwawo.

Mbiri ya lamulo inafika kwa makolo isanathe sabata. M'mawa wina mayi wogulitsa zipatso pageti, amene mwana wake anali m'kalasi yachiwiri, anawaimitsa.

"Ahedi, tikumva zoti tiana tathu tizikaoloka msewu. N'zoona?"

"Ayi."

"Ndiye kuti mphunzitsi uja wafika?"

"Alipo."

Mayiyo anawayang'ana, n'kuyang'ana chitseko chakumapeto, n'kuyamba kusanja zipatso zimene zinali zosanjidwa kale.

Chakudza sichiimba ng'oma. Galimoto ya boma inaima pageti m'mawa wina wotentha, ana ali m'makalasi. Munatsika woyendera masukulu, mayi wachitsikana waulemu wake, wa nsapato zogogoda. Chikwama chake chinkalira zitsulo akamayenda. Munali maloko.

Anayamba ndi kalasi yomaliza, ya alamu, n'kumatsika nalo khonde. Ankagogoda, kulowa, kupereka moni, kutuluka. Ahedi ankamutsatira manja ali kumbuyo. Alamu anatuluka thukuta, poti panalibe mphunzitsi woti n'kumuthamangitsira kumapeto kuja. Aliyense anali ndi ana ake, ndipo lamulo lomwelo linkamuletsa kuwasiya. Mapeto ake anasiya kalasi yawo chitseko chili pululu, n'kuwapeza awiriwo atatsala pang'ono kufika.

"Kumeneko musavutike nako, bwana," anatero akupuma wefuwefu. "Timasungirako matsache."

M'chipindamo munamveka timawu tambiri pamodzi. "Ma." Zii. "Me." Zii. "Mi."

"Matsache anu amatha kuwerenga," anatero woyendera uja. "Nanga inu kalasi yanu mwasiyira ndani?"

Alamu anacheukira kuchitseko chimene anasiya pululu chija.

Mayiyo anagogoda. "Odi."

M'katimo munangoti phee. Iye anakankha chitseko n'kulowa. Ahedi anaima pakhomo, phazi limodzi lili panja. Anaona tebulo, mpando utakankhidwira pansi pake, ndi kansalu koluka kamene akazi awo anayala pamenepo. Pabolodi panali mawu a tsiku lija, zilembo zozungulira bwino zija: Amayi apita ku. Kuchokera pa chilembo chomaliza, mzere unatsetsereka mokhota mpaka m'munsi mwa bolodi. Panja dzuwa linali likuswa mtengo, koma m'kalasimo munkazizira ngati pansi pa mtsuko. Munkamvekanso kafungo ka sopo amene ahedi anali atasiya kugula.

Ana sanaimirire msanga. Onse anayang'ana kutsogolo, pakati pa tebulo ndi bolodi, maso atakweza pang'ono monga amachitira mwana poyang'ana nkhope ya munthu wamkulu. Pamenepo panalibe munthu. Kenako anaimirira pamodzi.

"Takulandirani, alendo!"

"Zikomo, ana. Khalani pansi."

Palibe anakhala.

"Khalani pansi," anabwereza mayiyo mokweza.

Ana anali njo, maso pamalo paja. Panadutsa kanthawi kokwana mawu awiri atatu. Onse anakhala.

Woyendera uja anafunsa kuti, "Aphunzitsi anu ali kuti?"

Ana anayang'anana, ngati afunsidwa kumene kuli mphuno zawo. Kamtsikana ka desiki yakutsogolo, kogweluka mano, kanakweza dzanja.

"Akuti mudikire kaye panja, amalize."

Alamu anaseka, koma anaseka okha, ndipo kusekako kunafera pakhosi. Mayiyo anabwerera chafutambuyo. Chitseko anachitseka pang'onopang'ono, monga amachitira munthu wosafuna kusokoneza mnzake pantchito. Asanachoke pakhomopo, timawu tija tinayambiranso. "Mo." Zii. "Mu."

Pakhonde anapisa dzanja m'chikwama, n'kutulutsa loko watsopano wonyezimira. Anamuyang'ana, n'kumubwezera.

"Bambo," anatero, "zimene ndaona umu sindizilemba, chifukwa sindikudziwa kalembedwe kake. Koma lamulo likufuna mphunzitsi woti ndikamupatsa moni, yankho ndilimve ine. Ndibweranso sabata yamawa. Ndikadzapeza zomwezi, lokoyu adzatsala pachitsekopa, inu mudzakwera nane galimoto."

"Ana akuphunzira," anatero ahedi.

"Ndawamva. Akuwerenga bwino kuposa a kalasi yachitatu. N'chimene chikundichititsa mantha."

Masana a tsikulo alamu anawatsatira ahedi kunyumba osaitanidwa. Anakhala pampando wa pafupi ndi khomo. Anaona kapu ija patebulo, ndipo ahedi anadikira nthabwala. Nthabwala sinabwere.

"Ine ndinkati ndi zinkhwe," anatero alamu. "Koma zinkhwe sizisamba sopo wa achemwali anga."

Ahedi anali kumasula zingwe za nsapato.

"Ndakhala ndikuganiza njira yonse. Tsiku lija ine ndinagwira kumapewa. Dzanja lamanja linali lofumbata. Palibe anawalandira, alamu."

"Ndikudziwa."

"Mukudziwa? Kuyambira liti?"

"Kuchipatala."

Alamu anaimirira. Munthu wa nthabwala akakwiya amaoneka ngati mlendo. "Ndiye mwangowasiya chiimire? Miyezi yonseyi? Achemwali mumawadziwa, sangatuluke ngakhale denga ligwe. Inu mwakhala pampando wofewa mu ofesi, tayi pakhosi, mukuwamvetsera ngati wailesi!"

"Ndikalandira, apita."

"Anapita kale, alamu. Tinakwirira tonse, inu munali kumutu. Chatsala n'kuweruka basi." Anapuma, n'kuloza kuseri kwa chitseko. "Mwaiwala miyendo ija? Pofika masana inkatupa ngati mitsamiro. Akangofika pano ankainyika m'beseni ilo. Ana aoloke msewu, inu akutengeni, zonsezo n'zina. Koma munthu anaima kuyambira tsiku lija, sanakhalepo pansi."

Ahedi anayang'ana beseni. Linali louma, m'mphepete muli ulusi wa kangaude. Pa miyezi yonseyi ankaganiza za liwu. Za miyendo sanaganizepo.

"Tiyi?" anafunsa.

"Imwani nokha," anatero alamu, n'kutuluka.

M'mawa mwake ahedi sanapite kumapeto kwa khonde. Anali munthu woti ukamukankha amamera mizu. Anakhala mu ofesi, zenera lili lotsegula. Belu linalira, madesiki anakhulika.

"Mwadzuka bwanji, Madamu!"

Zii. Ahedi anatsatira mawu aja mumtima monga mwa masiku onse: ndadzuka bwino, ana anga, khalani pansi. Anamaliza, koma ana anali asanakhale. Panadutsanso kanthawi, ngati ka munthu amene watsamira tebulo kuti apeze mpweya. Kenako anakhala.

Tsiku lotsatira mpatawo unatalika kuposa pamenepo. Mwina unayamba kutalika kalekale, iwo osafuna kumva. Anakhala chogwira cholembera, osalemba kanthu, mpaka belu la nthawi yopuma.

Tsiku lachitatu anafika mamawa. Anapeza alamu pakhonde, n'kuwaikira makiyi m'manja.

"Ofesi," anatero.

Alamu anayang'ana makiyiwo, n'kuthamangira m'kabati, n'kubwera ndi bokosi la choko chatsopano. Ahedi anapukusa mutu. Anatembenuza manja awo kuwaonetsa kuti ndi opanda kanthu, ndipo alamu anamva.

Anadikira belu, moni, ndi mpata uja mpaka utatha. Ndiyeno anayenda khonde lonse. Nsapato zawo zinkamveka kwambiri. Pachitseko chakumapeto anavula chipewa.

"Odi, Madamu."

Analowa, chitseko n'kuchisiya chotsekuka pang'ono. Kuzizira kuja kunawalandira kumaso. Ana anayang'ana pamalo paja, n'kuimirira.

"Mwadzuka bwanji, ahedi!"

Ahedi anadutsa madesiki akutsogolo. Anayenda mpaka pakati pa tebulo ndi bolodi, n'kuima pamtunda umene ankaima akabwera kudzafunsa ngati kunyumba kukufunika kanthu. Fungo la sopo linali pafupi zedi. Anali ndi mawu ambiri amene anaunjika miyezi yonseyi, a denga limene layamba kudontha, a malaya amene batani lake linathothoka, a bedi limene lakula. Anatsegula pakamwa.

"Mwatopa," anatero.

Anatambasula dzanja, chikhatho chili m'mwamba.

Sipanachitike kanthu. Ntchentche inkadziguguda pagalasi la zenera. Kutali lole inadutsa pamsewu waukulu. Ahedi anadziona mmene analili: nkhalamba ya tayi itatambasulira dzanja mphepo, ngati wopemphetsa, pamaso pa tiana. Anaganiza zobweza dzanjalo. Mbali ina ya mtima wawo inasangalala kuti palibe chachitika, kuti mawa adzakhalanso pazenera kumvetsera. Koma anakumbukira beseni lija, ndipo dzanja analisiya pomwepo.

Chinthu chinawakhudza pachikhatho, chopepuka ngati nthenga. Anafumbata. Kanali kachidutswa ka choko, kafupi ngati nsonga ya chala, kokhala ndi kadzenje pamene chala chachikulu chinkagwira. Kanali kofunda.

"Ndalandira, Madamu," anatero. "Werukani."

Mitu ya ana inayamba kutembenuka. Inachoka pabolodi, n'kuima pang'ono pambali pa ahedi. Iwo anamva kolala ya malaya awo ikusuntha kumbuyo kwa khosi, pamene inkakonda kupindika. Sanatembenuke. Mitu ija inapitirira pang'onopang'ono, kutsatira mayendedwe a munthu wa miyendo yolemera, kudutsa madesiki akutsogolo mpaka pakhomo. Chitseko chinalira kwee.

"Muyende bwino, Madamu!"

Kenako maso onse anabwerera kwa ahedi.

Ana anali chiimire. Ahedi nawo anadikira, poti khutu linali litazolowera. Anadikira mpata uja. Koma ziiyi inali zii wamba, yopanda kanthu m'kati. Mwana wina anakanda mwendo. Wina anayasamula. Kutentha kwa panja kunalowa pakhomo n'kudzaza chipinda chonse, ndipo munayamba kumveka fungo la fumbi ndi la mapazi.

"Khalani pansi," anatero ahedi.

Anakhala aliyense nthawi yake, akukankhana ndi zigongono. Kumbuyo wina analira kuti amubera pensulo. Awiri anayamba kulimbirana malo.

Ahedi anatembenukira kubolodi. Anafufuta ndi chala mzere wotsetsereka uja, ndipo unachoka. Anaika choko pafupi ndi chilembo chomaliza. Chinagwira. Analemba pang'onopang'ono, zilembo zawo zowongoka zili pambali pa zozungulira zija.

"Werengani."

"Amayi apita kunyumba!"

Kamtsikana kogweluka mano kaja kanakweza dzanja. "Ahedi, mwalakwitsa. Amayi amapita kumsika."

"Lero apita kunyumba."

Pa nthawi yopuma alamu anasuzumira pakhomo, maso ali ofiira, makiyi akulira m'thumba. Anaona ana akuthamangitsana pakati pa madesiki, wina ali pansi pa tebulo.

"Koma phokoso, alamu! Kalasi yokhala ndi mphunzitsi imadziwikiratu. Mayi wa maloko uja abwere, adzamva ali pageti."

Ahedi anangogwedeza mutu. Choko chija chinali chitatha pofika belu lowerukira. Chinatsala ndi fumbi loyera m'mizere ya chikhatho.

Anayenda pang'onopang'ono popita kwawo. Atafika pakhomo anatulutsa kiyi, n'kuima. Pachogwirira chitseko panali zala zodindika ndi fumbi loyera la choko, zinayi mbali ino, chachikulu mbali inayo. Anayang'ana dzanja lawo. Anali asanagwirepo.

Anatsegula. "Odi," anatero, m'nyumba mwawo momwe.

Palibe anayankha.

Beseni linali litatsamiritsidwa kukhoma, likudontha madzi. Mpando woyang'ana kuzenera unali utakankhidwira pansi pa tebulo. Patebulopo panali kapu imodzi, yawo. Inayo anaipeza m'kabati, yotsukidwa, itavundikiridwa pamodzi ndi makapu a alendo.

Anaima pamenepo kanthawi ndithu. Kenako anatseka kabati, n'kutereka madzi a munthu mmodzi.

Zala za pachitseko sanazipukute. Zinachoka zokha mvula itabwera.